Bawuti, Sitima ya Ilala ndi Sipanala ya Muyeso

Pa Mayani, m'mapiri a boma la Dedza, pali zigayo, ngolo ndi njinga zamoto, ndipo zonsezi nzogwirana ndi mabawuti ndi manati. Koma makolo a kumeneko sanali kukadziwa kachitsulo ka mazinga kameneka. Iwo anali kusungunula chitsulo m'ng'anjo, nasula makasu ndi nkhwangwa. Polumikiza zinthu anali kumanga ndi luzi, kapena kuotcha nsonga ya kumbuyo kwa khasu ndi kuilowetsa mu mpini. Bawuti anadza ndi makina a Azungu, ndipo mbiri yake m'dziko muno imveka bwino pa nkhani ya sitima ya Ilala yoyamba.

Sitimayo inapangidwa ku London m'chaka cha 1875 chifukwa cha mishoni ya Livingstonia. Popeza amisiri anadziwa kuti pa mtsinje wa Shire pali mathithi, anaipanga zidutswazidutswa zomanga ndi mabawuti, kuti ithe kumasulidwa. E. D. Young ndi Dr. Robert Laws atafika nayo ku Kongone, kumene Zambezi athira m'nyanja yamchere, anapeza mabawuti atachita dzimbiri, kotero kuti anayamba awapala limodzilimodzi asanamange sitima. Atafika pa mathithi anaimasulanso, ndipo amtengatenga mazana ambiri anasenza zidutswazo pamutu mtunda wa mamailosi ngati 60, osataya nkamodzi komwe. Kumtunda kwa mathithi anaimanganso, ndipo pa 12 October 1875 inalowa m'nyanja ya Malawi. Moyo wa onse okweramo unadalira dzanja la womanga bawuti, pakuti masiku amenewo panalibe chida choyesera kulimba kwake.

Tsono dzanja limanyenga. Bawuti akamangidwa amatamuka pang'ono, ndipo kutamukako ndiko kumene kumapanikiza zitsulo ziwiri pamodzi. Akachepa mphamvu amakhwefuka ndi kunjenjemera kwa makina. Akapitirira muyeso amadya mazinga kapena kuthyoka kumene. Vuto limeneli linasautsa anthu a ntchito ya madzi mu mzinda wa New York ku America, amene anali kumangitsa mabawuti a mipope. Mmodzi wa iwo, Conrad Bahr, ndiye atchuka kuti m'chaka cha 1918 anaganiza za sipanala yoyesa mphamvu, imene pa Chingerezi aitcha torque wrench. M'zaka za m'ma 1930 zida zoterezi zinayamba kugulitsidwa, makamaka kwa okonza magalimoto.

Muyeso wake uwerengedwa m'ma newton-metre, mwachidule Nm. Thumba la makilogalamu 10 litapachikidwa kunsonga ya mpini wotalika mita imodzi lipotoza bawuti ndi mphamvu yapafupi ndi 100 Nm, ndiyo imene ifunika pa mateyala a magalimoto ang'onoang'ono ambiri. Masipanalawa alipo a muvi woloza nambala, alipo ena olira kuti "tha" muyeso ukakwana, ndipo a masiku ano ena aonetsa nambala pa kagalasi.

Mbiri imeneyi ikhudza mwini chigayo wa pa Mayani. Mutu wa injini ya dizilo uli ndi mabawuti angapo amene ayenera kulimba mofanana, ndipo amangidwa pang'onopang'ono, kuyambira pakati kunka kumbali, monga linena buku la injiniyo. Makaniko akalumikiza paipi ku sipanala wamba nakoka ndi mphamvu zake zonse, gasiketi imapsa kapena mutuwo umapindika. Chigayo chimaima, ndipo amayi amasenza chimanga kunka kutali. Chifukwa chake wogula asankhe sipanala imene muyeso wofunikawo uli chapakati pa manambala ake: yaing'ono ya njinga yamoto, yaikulu ya lole. Asamasulire nayo mabawuti adzimbiri, ndipo akatha ntchito ndi yolira ija aibweze pa nambala yotsika.

Omanga Ilala analibe chida chimenechi, koma anali nako kusamala. Mmisiri wa lero ali nacho chida, ndipo chomutsalira ndicho kuleka kukoka sipanala ikalira. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.