Chipepeso

Mawuwa amachokera ku "pepa". Kumudzi, mbuzi zako zikadya chimanga cha mnzako, umapita kwa amfumu ndi nkhuku m'manja, mlandu n'kutha. Anthu ena amati chipukutamisozi, makamaka pakagwa maliro.

Kuntchito nkhani ndi ina. Lamulo la chipepeso cha ogwira ntchito la m'chaka cha 2000 likuti munthu akavulala kapena kulumala ali pantchito, bwana ayenera kulipira, ngakhale ngoziyo isakhale yochititsa iyeyo. Dokotala amayeza kukula kwa chilemacho, a ofesi ya leba n'kuwerengera ndalama molingana ndi malipiro a wovulalayo. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo naye amakafuna chipepeso kukhoti loona milandu ya pantchito.

Chimandiwawa n'chakuti kuno kunyanja ambiri amachitengabe ngati chisomo cha bwana. Mnyamata wokoka chilimira ku Senga Bay, chala chitaduka ndi chingwe, amapatsidwa ya thiransipoti yopitira kuchipatala cha Salima, iye n'kuwomba m'manja. Kalata ya ntchito alibe. Loya akaitenga nkhaniyo, amayamba wafunafuna mboni zotsimikizira kuti mnyamatayo analidi wantchito wa mwini boti.