All I Ever Wanted (nyimbo ya The Human League)

"All I Ever Wanted" ndi nyimbo ya The Human League, gulu loimba synthpop la ku Sheffield, m'dziko la England. Inatuluka mu 2001 ngati nyimbo yotsogolera chimbale cha Secrets, patadutsa zaka 6 chitulukireni chimbale cha Octopus. Anaipeka ndi Philip Oakey ndi Neil Sutton.

Olemba nkhani za zoimbaimba anachiyamikira chimbalecho, koma malonda sanayende. Kampani ya Papillon Records, yomwe inatulutsa nyimboyi, inali pamavuto azachuma moti sinaitsatse mokwanira, ndipo posakhalitsa inatsekedwa. Nyimboyi inangofika pa nambala 47 ku UK, chonsecho gulu lomweli linali pa nambala 1 mu 1981 ndi "Don't You Want Me". Chimbale chatsopano chotsatira, Credo, chinadzatuluka mu 2011.