Ana a M'chumuni: Mbiri ya Opala Mwaye ku England

Munthu wobadwira kwathu kuno, kumene chisanu cha June ndi July chimagonja ndi chikuni chimodzi ndi bulangete, ndipo utsi wa m'khitchini umadzipezera wokha njira kudzera mu udzu wa denga, sangamvetse msanga chifukwa chimene abale athu okhala ku Britain amadandaulira ndalama zimene mmisiri amalipiritsa chaka ndi chaka akabwera kudzaona boiler, chiwiya chija chotenthetsa madzi oyenda m'mapaipi kuti nyumba ifunde. Koma m'dziko limene dzuwa la December limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo madzi amauma gwaa m'mipopi usiku, moto wa m'nyumba ndiwo moyo wa banja, ndipo munthu wosamala njira ya utsi wake ndi wofunika monga mlonda wa pachipata. Ntchito imeneyi ili ndi makolo ake, ndipo mtima umawawa pokumbuka kuti ambiri mwa makolowo adali tiana.

Chiyambi cha nkhaniyi ndi malasha. Nkhuni zitayamba kusowa ndi kukwera mtengo mu London, anthu adatembenukira ku malasha amene zombo zinkabweretsa kuchokera ku Newcastle, ndipo popeza utsi wa malasha ndi wowawa, wosatheka kukhala nawo m'chipinda monga tichitira ndi utsi wa nkhuni, nyumba iliyonse idafunika chumuni. Ngakhale mfumu idaona kuti pamoto pali phindu, pakuti mu 1662 Charles II adaika msonkho wa masheleni awiri pachaka pa malo aliwonse osonkhapo moto m'nyumba, msonkho umene anthu adaudana nawo kufikira udathetsedwa mu 1689. Moto waukulu wa 1666 utanyeketsa mzindawo, adaumanganso ndi njerwa, nyumba zosanjikizana, chipinda chilichonse ndi moto wake, ndipo njira za utsi zinkakwera m'kati mwa makoma mokhotakhota kufikira zitakumana padenga, zambiri za izo zili zopapatiza mainchesi 9 mbali ina ndi 14 mbali inayo. Walira mvula walira matope: amene adafuna kufunda kwa malasha adalandiranso mwaye, umene ukaunjikana m'chumuni umatseka utsi, ndipo tsiku lina umayaka wokha ndi kutentha nyumba yonse.

Tsono ndani akadalowa m'mphako yotere kukapala mwayewo? Munthu wamkulu sakadakwanamo. Pamenepo eni ntchitoyo adayang'ana kwa ana amasiye osungidwa m'nyumba za amphawi, ndi kwa makolo amene njala idawafikitsa pogulitsa mwana wawo ndi ndalama zochepa, natenga tiana ta zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, anyamata makamaka, ponena kuti akukatiphunzitsa ntchito. Mwanayo ankakwera mumdima podzikankha ndi mawondo, zigongono ndi msana, chipewa chitaphimba nkhope, burashi ili pamwamba pa mutu, mwaye ukumugwera m'maso ndi m'kamwa. Ndipo khungu la m'mawondo likasupuka, mbuye wake ankalipaka madzi a mchere pafupi ndi moto kuti lichite chikang'a. Akachita mantha naima pakati pa njira, mnzake wamkulupo ankamutsata pansi ndi kumubaya kumapazi, ndipo ena ankayatsa udzu m'munsi kuti kutentha kumuthamangitse. Ana ena adakanirira m'makhota, mawondo atapanikizika pachibwano, nafa ndi kubanika amisiri asanathe kugumula khoma. Usiku ankagona m'zipinda za pansi, atafunda matumba omwewo a mwaye, umene mbuyeyo ankagulitsa kwa alimi kuti ukhale manyowa a m'munda. Kotero kuti mwini ntchito ankadya kawiri, kwa mwini nyumba ndi kwa mlimi, pamene mwanayo malipiro ake adali chakudya ndi nsanza.

Pano ndipo pagona nkhani ya mtengo. Kusesetsa chumuni kudali kotsika mtengo m'masiku amenewo, ndipo ngakhale banja losalemera linkakwanitsa, koma kutsikako kudachokera m'thupi la mwana wa mwini, amene ankalipira ndi maso ake ofiira, miyendo yake yopindika ndi chifuwa chake chodzala fumbi. Mu 1775 dokotala wa chipatala cha St Bartholomew's, Percivall Pott, adalemba kuti opala mwaye ambiri ankagwidwa ndi khansa ya kumalo obisika atakula, naonetsa kuti gwero lake ndi mwaye wokhalitsa pakhungu losasamba. Ndipo madokotala amamukumbukira kufikira lero monga mmodzi mwa oyamba kuloza khansa yochokera ku ntchito imene munthu amagwira.

Anthu achifundo sadasowe. Mmodzi wa iwo, Jonas Hanway, adadandaulira anthu a mu London za anawa kwa zaka zambiri, ndipo mu 1788 Nyumba ya Malamulo idalamula kuti mwana wosakwana zaka 8 asalembedwe ntchitoyi. Koma lamulo lopanda woliyang'anira lili ngati mpanda wopanda chitseko, ndipo eni ntchito adapitiriza monga kale. Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti njira ina idalipo. Mu 1803 George Smart adapanga burashi yokwezedwa ndi timitengo tolumikizana, ndipo mu 1828 Joseph Glass adaikonza bwino ndi ndodo zopindika zomangirirana pamfundo za mkuwa, zofanana ndi zimene opala mwaye amanyamula mpaka lero. Komabe eni ntchito adaikana poona kuti mwana ndi wotsika mtengo kuposa chida, eni nyumba adaumirira kuti dzanja la mwana limayeretsa koposa, ndipo nduna za m'nyumba yapamwamba ya malamulo, zimene nyumba zawo zazikulu zidali ndi machumuni okhota amene zikadayenera kuwamanganso ndi ndalama zawo, zidakana mabilo oletsa mchitidwewu mu 1818 ndi 1819. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Lamulo la 1834 lidakweza zaka kufika 10, la 1840 lidaletsa aliyense wosakwana zaka 21 kukwera m'chumuni, lina lidatsatira mu 1864 buku la Charles Kingsley lotchedwa The Water-Babies litagwedeza mitima ya owerenga, koma m'matauni ambiri ana ankakwerabe m'bandakucha anthu ali m'tulo.

Mlandu suwola. Mu February 1875 mnyamata wa zaka zosapitirira 12, George Brewster, adatumidwa ndi mbuye wake William Wyer kukwera m'chumuni cha chipatala cha Fulbourn pafupi ndi Cambridge, nakanirira momwemo; adamutulutsa atagumula khoma, koma adatsirizika posakhalitsa, ndipo Wyer adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi akugwira ntchito yakalavula gaga. Lord Shaftesbury, nkhalamba imene idatha zaka makumi ikulankhulira ana a m'migodi, a m'mafakitale ndi a m'machumuni, adanyamula imfa ya mwanayu kupita nayo ku Nyumba ya Malamulo, ndipo chaka chomwecho lidatuluka lamulo lakuti wopala mwaye aliyense azitenga chiphaso kupolisi. Apo ndipo mchitidwewo udafa, patapita zaka 87 chikhazikitsire lamulo loyamba. Owerenga a kwathu adzakumbuka kuti 1875 ndi chaka chimene sitima ya Ilala idalowa m'nyanja yathu ndi a Robert Laws ndi anzawo, amene mwa zolinga zawo mudali kuthetsa malonda a akapolo; ndipo nkoyenera kudziwa kuti pamene iwo ankanyamuka kwawo, ukapolo wa tiana uwu unali usanazime m'dziko lawo lomwe.

Zotsatira zake n'zachidule. Mu December 1952 chifunga chosakanizika ndi utsi wa malasha chidaphimba London masiku asanu ndi kupha anthu zikwi zingapo, ndipo lamulo la mpweya wabwino la 1956 lidayamba kuchotsa malasha m'nyumba za m'mizinda. Gasi wa pansi pa nyanja ya North Sea atafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, mabanja ambiri adatseka malo awo a moto ndi njerwa naika boiler, ndipo opala mwaye adachepa, ngakhale sadatheretu. Mlowam'malo wawo ndi mmisiri wa gasi, amene kuyambira 2009 ayenera kukhala m'kaundula wa Gas Safe, pamodzi ndi amisiri a makina atsopano amagetsi otenthetsa ndi kuziziritsa nyumba. Mmisiri wa gasiyu amabwera masana, ali munthu wamkulu wophunzira ntchito yake, ndipo ndalama imene amatchula ndiyo mtengo wonse wa ntchitoyo, wopanda mwana wobisika m'khoma woulipirira.

Mdani amene mmisiriyu amasaka ndi yemwe uja timamudziwa tikagona ndi mbaula m'nyumba yotseka mazenera, mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Chotero inu abale amene mukuchita lendi m'dzikolo, dziwani kuti lamulo limakakamiza mwini nyumba kuyezetsa ziwiya zake za gasi miyezi 12 iliyonse ndi kukupatsani kalata ya umboni wake. Mufunseni kalatayo chisanu chisanafike.