Chithunzi cha agogo ndi mbiri ya dansi ya chizungu

 Papita nthawi ndisanalembe kanthu, mukudziwa kale mmene ntchito yochonga mayeso imatipanikizira. Lero ndati ndikambeko nkhani imene yakhala ikundizungulira m'mutu kuyambira tchuthi chathachi.

Ndili kumudzi ndinatsegula sutikesi ya malata ya malemu agogo aamuna, ndipo ndinapezamo chithunzi chimene ndinkachiona ndili mwana. Agogo avala suti yakuda ndi taye, nsapato zikuchita kunyezimira, agwira mayi wina m'chiuno. Mayiyo wavala diresi lalitali, tsitsi lowongola, khungu loyererako. Kuseri kwa chithunzicho kwalembedwa kuti Broken Hill, komwe lero timati Kabwe, ku Zambia. Mayiyo si agogo aakazi ayi. Agogo aakazi anali akuda bii, a mphini m'masaya ndi mikanda m'chiuno, ndipo anatsala kuno ku Mchinji akulima. Ndikawafunsa za chithunzichi ankangoti, "Agogo akowa ankavina ndi adona, ife tinali a chimtali."

Kale ndinkaseka. Pano ndikuona kuti m'mawu amenewa muli phunziro lonse la mbiri, ndiye tiyeni tilisanthule.

Nthawi imeneyo boma lathu lino linkatchedwa Fort Manning, ndipo Chipata inali Fort Jameson. Msonkho wa atsamunda unkafuna ndalama, choncho anyamata ambiri ankadutsa malire kukagwira ntchito ku migodi ya Northern Rhodesia, ena ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Kumeneko anakapeza azungu akuvina waltz ndi foxtrot, mwamuna ndi mkazi atagwirana, m'maholo amene munthu wakuda ankalowamo ngati woperekera zakumwa kapena wosesa basi. Kuno kwathu zinali chimodzimodzi: makalabu a azungu ku Blantyre ndi ku Zomba sankalandira anthu akuda kukhala mamembala.

Tsono makolo athu anayambitsa makalabu awoawo. Katswiri wina wofufuza za chikhalidwe, Godfrey Wilson, anakhala ku Broken Hill cha m'ma 1939 ndi 1940, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1941 ndi 1942. Iye anaona kuti ogwira ntchito ankawononga gawo lalikulu la malipiro awo pa zovala, komanso kuti kunali makalabu a dansi kumene anthu akuda ankavina atatchena ngati azungu. Maganizo ake anali akuti anthuwa ankafuna ulemu, kuti aziwerengedwa ngati anthu otsogola. Azungu ambiri zimenezi sizinkawasangalatsa. Kumbukirani kuti m'masitolo ena a dzikolo munthu wakuda ankagulira pa kawindo ka kumbali mpaka m'zaka za m'ma 1950. Munthu wogulira nyama pa windo masana, usiku n'kuvala suti ndi kuvina waltz mosaphonya phazi, ankanena kanthu ndithu ngakhale sanatsegule pakamwa.

Mu 1971 katswiri wa ku South Africa, Bernard Magubane, anadzudzula ofufuza a mtundu umenewu. Iye ankaona kuti iwo ankatanganidwa ndi masuti n'kumasonyeza munthu wakuda ngati wongotsanzira mzungu, osalabadira goli la utsamunda limene linamuika pamenepo. Ana a Fomu 4, mkangano uwu ndi wabwino kuuyeserera: kodi agogo ankadzipeputsa kapena ankalanda ulemu umene anawamana? Ine ndimati zonse ziwiri zinalipo, m'suti imodzimodziyo.

Kumudzi yankho linali lina, ndipo timalidziwa bwino: mganda. Gule ameneyu ndi wachibale wa malipenga a ku Nkhata Bay ndi beni wa ku Mangochi. Terence Ranger, m'buku lake la mu 1975, anasonyeza kuti beni anayambira ku gombe la Aswahili cha m'ma 1890, ndipo anafalikira kwambiri nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, kudzera mwa asilikali ndi amtengatenga. Dzina lenilenilo likuchokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza gulu la oimba. Ku Luanshya kunali kalela, amene J. Clyde Mitchell analemba za iye mu 1956, ndipo m'gulemo munali dokotala ndi namwino ovala zoyera. Taonani amganda athu: kabudula wosita bwino, malaya oyera, masokosi ofika m'mawondo, mizere ngati ya asilikali, badza pakamwa. Ukhondo ndi kutchena n'zofanana ndi za ku holo ya dansi. Kusiyana kwake n'kwakuti ng'oma ndi yathu, nyimbo ndi zathu, ndipo oweruza ndi anthu a m'mudzi. Pa mganda palibe amene amafunsa ngati khungu lako ndi loyera.

Ku holo ya dansi ndiye kunali sefa. Suti, nsapato, diresi ndi ndalama yolowera pakhomo sizinali za aliyense. Kalaliki, mphunzitsi ndi kapitao zinkawayendera msanga kuposa wokumba pansi. Choncho dansi imene inkatsutsa tsankho la mzungu inabala tsankho lina pakati pa ife tomwe: otsogola uku, akumudzi uko. Ndipo mtolo wolemera unagwera amayi. Mwamuna ankangofunika suti, koma mkazi ankafunika kusintha thupi lenilenilo. Mphini zinasanduka chizindikiro cha umbuli, tsitsi linayamba kuwongoledwa ndi chipeso chamoto, kenaka kunabwera mafuta oyeretsa khungu ngati Ambi, amene ankatsatsidwa m'magazini ochokera kummwera. Akuluakulu mukukumbukira chipongwe chija cha nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola. Tinkaseka amayiwo, osafunsa kuti anawauza ndani kuti kuda n'kunyansa. Dziko la South Africa linaletsa mankhwala a hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990 chifukwa ankawononga khungu, koma mafuta oyeretsa sanathe m'misika.

Chimene chandilembetsa zonsezi n'chakuti nanenso ndine wolakwa. Zaka zingapo zapitazo tinakonza phwando lotsanzikana ndi a Fomu 4, ndipo ine ndinali mmodzi mwa osankha anyamata ndi atsikana otsegulira dansi. Panali mtsikana wina wakuda, wochokera kumudzi wa kumalire, amene ankavina kuposa onse. Sitinamusankhe. Tinati diresi lake silinali loyenera, ndipo tinatenga mnzake woyererako, mwana wa bambo wa pa ntchito. Palibe amene anatchula za khungu, koma tonse tinkadziwa. Chaka chathachi ndinakumana naye pa boma akugulitsa zitenje. Anandipatsa moni mwaulemu, "Mwaswera bwanji aphunzitsi?" Ndinachedwa kumuzindikira chifukwa nkhope yake inali itayera, ndi zigamba zakuda m'masaya. Sindikunena kuti phwando lathu lokha ndilo linachititsa. Koma tsiku lija tinamuphunzitsa kanthu, ndipo anamva.

Agogo sindikuwaweruza. Anavina pa nthawi imene suti inali chida chokhacho chimene anali nacho. Koma ife palibe bwanamkubwa amene watiimirira kumbuyo. Tikamasankha wotsegulira dansi, wolandira alendo kapena wopereka maluwa kwa mlendo wolemekezeka, sefa ija timaigwira ndi manja athu.

Chithunzicho ndachiika m'felemu. Pambali pake ndaikapo cha agogo aakazi, cha pa chitupa cha chipani, chokhacho chimene anajambulitsa moyo wawo wonse. Teremu ikubwerayi ndidzapita nazo zonse ziwiri m'kalasi. Anzanga a History, ngati kwanu kuli sutikesi ya malata, kaitsegulenitu.