Mmene khoma la khitchini linagwera

Ku Ulaya ndi ku America, khitchini inakhala yobisika kwa nthawi yaitali. M'nyumba za anthu opeza bwino a ku London m'zaka za m'ma 1800, inkakhala m'chipinda cha pansi kapena kuseri, kutali ndi pabalaza. Mbaula zinali za malasha, ndipo utsi, mwaye ndi kutentha zinali zosafunika pamaso pa alendo. Ndi utsi womwewo umene umachititsa kuti kumidzi ya ku Malawi khitchini ya mafuwa imangidwe payokha. Ku London, chifukwa china chinali chakuti wophika anali wantchito, ndipo eni nyumba sankafuna kumuona.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, antchito a m'nyumba anayamba kuchepa, ndipo ntchito yophika inagwera mayi wa pakhomo. Mu 1926, katswiri wa mapulani a nyumba wa ku Austria, Margarete Schütte-Lihotzky, anakonza khitchini ya nyumba zotsika mtengo zimene mzinda wa Frankfurt ku Germany unkamanga motsogozedwa ndi katswiri mnzake, Ernst May. Schütte-Lihotzky anatengera khitchini za m'sitima zapamtunda, ndipo anayeza ndi wotchi nthawi imene ntchito iliyonse imatenga. Chipindacho chinali cha mamita 1.9 m'lifupi ndi 3.4 m'litali. Munali timadilowa ta aluminiyamu tolembedwa mayina monga shuga ndi mpunga, thabwa lositira zovala lopindikira kukhoma, ndi kampando kozungulira. Ufa unkasungidwa mu dilowa ya mtengo wa oak kuti usafumbwe. Makhitchini otere okwana pafupifupi 10,000 anamangidwa.

Luso linalipo, koma khitchiniyo inali ya munthu mmodzi. Amayi ena anadandaula kuti akamaphika sankatha kuyang'anira ana, ndipo anzawo akabwera panalibe poti n'kukhala. Wantchito anali atachoka, koma kachipinda kake kanatsalira mayi.

Ku America, katswiri wina wa mapulani a nyumba, Frank Lloyd Wright, anayamba kuboola khoma la khitchini. M'nyumba ya banja la Willey ku Minneapolis, imene inamangidwa mu 1934, anasiyanitsa khitchini ndi pabalaza poika galasi lokhala ndi mashelefu, kuti mayi wa pakhomo, amene analibe wantchito, aziona alendo ake uku akuphika. M'nyumba ya banja la Jacobs ku Madison, ya mu 1937, khitchini anaiika pakati, pafupi ndi malo odyera, yopanda chitseko. M'zaka za m'ma 1940, akatswiri a University of Illinois anafalitsa lamulo loti sinki, sitovu ndi firiji zikhale m'makona atatu oyandikana, kuti wophika asamayendeyende.

Komabe mapulani okha sakanagwetsa khoma. Gasi ndi magetsi zinachotsa mwaye, ndipo chipangizo chokoka utsi ndi fungo, choikidwa pamwamba pa sitovu, chinachititsa kuti munthu akazinge anyezi popanda makatani a pabalaza kununkha sabata yonse.

Ku Germany, katswiri wa kapangidwe ka zinthu Otl Aicher anatulutsa buku lotchedwa Die Küche zum Kochen mu 1982, pogwira ntchito ndi kampani ya makhitchini ya Bulthaup. Atayendera ophika a m'malesitilanti, anatsutsa zoti wophika aziyang'ana kukhoma, n'kulimbikitsa tebulo logwirirapo ntchito loima pakati pa chipinda, loti anthu alizungulire. Tebulo lotere ndilo limaika malire pakati pa pophikira ndi pochezera m'nyumba zambiri za masiku ano.

Kugwa kwa khoma kunabweretsa mavuto ake. Mapoto akuda amaonekera kwa mlendo wokhala pa sofa, ndipo phokoso la makina otsukira mbale limalimbana ndi wailesi yakanema. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utakakamiza mabanja ambiri kugwira ntchito ndi kuphunzira kunyumba, ena anabwezeretsa zitseko zokankha ndi makoma a galasi. M'nyumba zina zikuluzikulu amamanga kakhitchini kena kuseri, kotsukiramo ndi kukazingiramo, kuti ya pabalaza izikhala yoyera.