Chibaba cha Masamba a Mchezo ndi Thanzi la M'maganizo

Masamba a mchezo a pa intaneti, monga Facebook, WhatsApp ndi TikTok, asanduka chida cha ntchito kwa anthu ambiri. Mlimi amadziwirapo mitengo ya soya ndi mtedza, wamalonda amaitanirapo makasitomala, ndipo amene ali kunja amalankhulirapo ndi abale akumudzi. Komabe chida chomwechi chimatha kugwira munthu ukapolo, n'kumakhala ndi chibaba chonga cha fodya.

Tanthauzo lake

Chibabachi sichiyezedwa ndi maola okha. Wogulitsa kaunjika amene amaswera kutumiza zithunzi za katundu wake ali pa ntchito. Vuto limayamba pamene munthu akufuna kusiya koma akulephera, ndipo akupitiriza ngakhale akuona kuti tulo, ntchito ndi banja zikusokonekera.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika vuto lokomedwa ndi magemu a pa kompyuta ndi pa foni m'ndandanda wake wa matenda wotchedwa ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022. Chibaba cha masamba a mchezo sichinalembedwemo ngati nthenda payokha, koma zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za vutoli.

Chifukwa chake kusiya kumavuta

Ambiri mwa masambawa amapeza ndalama kudzera m'mauthenga otsatsa malonda, choncho phindu lawo limakula munthu akamakhalitsa pa tsamba. Tsamba silikhala ndi pothera: njira yakuti nkhani zizingobwerabe munthu akamasuntha chala inapangidwa ndi Aza Raskin mu 2006. Mapulogalamu ake amazindikira zimene munthu amakonda kuona n'kumamubweretsera zina zotero. Popeza munthuyo sadziwa ngati apezako chosangalatsa kapena ayi, amabwererako pafupipafupi monga achitira wotchova njuga.

Zotsatira zake

Mu May 2023, Dr Vivek Murthy, yemwe anali mlangizi wamkulu wa boma la America pa zaumoyo, anachenjeza kuti achinyamata amene amatha maola oposa 3 pa tsiku pa masambawa ali pa chiopsezo chowirikiza kawiri cha nkhawa ndi matenda ovutika maganizo. Mu November 2024, dziko la Australia linakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba akuluakulu a mchezo.

Vutoli limalowa m'njira zingapo. Woyang'ana foni mpaka pakati pa usiku sagona mokwanira, ndipo kusowa tulo kumakulitsa nkhawa ndi kupsa mtima. Anthu amaika pa masambawa zabwino zokhazokha, kotero woziona amayamba kudziyesa wolephera. Kunyozedwa pagulu nako kumasiya bala mumtima. Palinso vuto la ndalama: bandulo yogulidwa ndi ndalama za mpamba kapena za ndiwo imabweretsa ngongole ndi mikangano pakhomo.

Zizindikiro

Munthu ayenera kuchenjera ngati akuthamangira foni akangodzuka, akusowa mtendere bandulo ikatha, akuchedwa kumunda kapena kusiya makasitomala akudikira, akubisa nthawi ndi ndalama zimene akuononga, kapena akuthawira pa foni nthawi zonse akakhumudwa.

Zoyenera kuchita

Ndi bwino kuzimitsa mabelu a mauthenga osafunikira, kusankha nthawi zoikika zoyankhira makasitomala, ndi kuika foni patali ndi pogona ola limodzi nthawi yogona isanakwane. Mafoni ambiri amakono amaonetsa nthawi imene munthu wathera pa tsamba lililonse ndipo amalola kuika malire. Ndalama za bandulo zikhale ndi mlingo wake pa sabata. Makolo ayambe ndi iwo eni, pakuti ana amatsanzira zimene akuona.

Kopeza thandizo

Amene wakhala wosasangalala kwa masabata awiri kapena kuposerapo, kapena akuganiza zodzivulaza, apite msanga ku chipatala chimene ali nacho pafupi. Thandizo la akatswiri limapezekanso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ana angathe kuimba nambala yaulere ya 116. Kuopseza kapena kuzunza munthu pa intaneti ndi mlandu malinga ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo wochitiridwa zotere akanene kupolisi.