Mkangano wa Megabaiti Imodzi

Mu Novembala 2023, Kwacha itagwa ndi 44 peresenti, msuweni wanga wa ku Joni anandiimbira foni. "Iwe unapita ku yunivesite, za Bitcoin'zi n'zoona?" Ndinangomuyankha mozungulira, chifukwa kunena zoona sindinkadziwa. Manyazi anandigwira, ndiye ndinayamba kuwerenga, konkuno ku Chinguluwe komwe bandulo timaiwerengera ngati mchere. Chimene chinandikoka kwambiri ndi mkangano umene unatsala pang'ono kuipha ndalamayi.

Bitcoin inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2009. Woiyambitsa ankadzitcha Satoshi Nakamoto, ndipo mpaka lero sadziwika kuti anali ndani. Tangoiganizirani ngati kaundula wa banki mkhonde, koma membala aliyense ali ndi kope lakelake. Pa mphindi pafupifupi 10 zilizonse kaundulayo amawonjezeka tsamba limodzi. Mu 2010 Satoshi analamula kuti tsambalo lisapose megabaiti imodzi. Chithunzi chimodzi cha pa foni yanuyo chimaposa pamenepo. Patangopita miyezi yochepa iye anazimiririka, n'kusiya pulogalamuyo m'manja mwa anthu ongodzipereka, otsogoleredwa ndi Gavin Andresen.

Vuto lake ndi la matola. Galimoto ndi imodzi, imanyamuka nthawi yake, mipando ndi yomweyo. Anthu akachuluka pa siteji, wolipira zambiri ndiye amakwera. Tsamba la megabaiti imodzi silinkanyamula malipiro oposa 7 pa sekondi, pamene ofuna kukwera ankachulukirachulukira.

Andresen ndi mnzake Mike Hearn anati yankho n'losavuta: tigule lole. Mu Ogasiti 2015 anatulutsa Bitcoin XT, yofuna kukweza tsamba kufika mamegabaiti 8, kenaka kumawirikiza pa zaka ziwiri zilizonse. Anzawo a gulu la Bitcoin Core, monga Gregory Maxwell ndi Pieter Wuille, anakana. Iwo ankati tsamba likakula, kaundula alemera kwambiri moti okwanitsa kusunga kope lake adzakhala makampani okhaokha, ndipo enafe tidzangomva kwa iwo, ngati ku banki komwe.

Apa m'pamene ndinaseka ndekha. Mbali zonse ziwiri zinkalankhulira anthu ngati ife. Ofuna tsamba lalikulu ankati munthu wosauka sangalipire ndalama zambiri potumiza kandalama kochepa. Ofuna laling'ono ankati munthu wa intaneti yofooka asatsekeredwe kunja. Onse ankanena zoona. Koma misonkhano yake inkachitikira ku Montreal, ku Hong Kong ndi ku New York.

Kuno ku Salima, Mfumu Makanjira ikatseka chilumba cha Mbenje nyengo ya mvula, asodzi amapakira maukonde n'kuchoka, nkhani yathera pomwepo. Bitcoin ilibe mfumu yotero. Olemba pulogalamu sangakakamize munthu kuigwiritsa ntchito. Eni makompyuta amphamvu otseka masamba, omwe amatchedwa okumba, ambiri anali ku China nthawi imeneyo, ndipo ngakhale kumvana chinenero kunkavuta. Mkangano wa manambala unasanduka wa mayina: uyu wagulidwa, uyo akufuna ufumu. Mu Januwale 2016 Hearn anatuluka, n'kulengeza kuti Bitcoin yalephera.

Wuille anali atabweretsa kale njira ina yotchedwa SegWit, yolongedza katundu mwanzeru kuti galimoto yomweyo inyamule zambiri. Mu Febuluwale 2016 okumba ndi ena a Core anagwirizana ku Hong Kong kuti SegWit itsogole, kukweza tsamba kubwere pambuyo. Pasanapite nthawi, mbali iliyonse inkati inzake ndiyo yaphwanya pangano. Mu Meyi 2017 makampani oposa 50 anasaina pangano lina ku New York, la SegWit komanso mamegabaiti awiri. Anali ndi ndalama, anali ndi okumba ambiri, koma a Core sanasaine nawo.

Chimene anabwanawo sanachiwerengere ndi anthu wamba osunga makope a kaundula. Iwowa anaopseza kuti kuyambira pa 1 Ogasiti 2017 azikana tsamba lililonse losavomereza SegWit. Okumba anagonja, ndipo SegWit inayamba mwezi womwewo. Tsiku lomwelo la 1 Ogasiti, ofuna tsamba lalikulu anapatuka n'kuyambitsa Bitcoin Cash ya mamegabaiti 8, yomwe nayonso inagawikana mu 2018. Mu Novembala 2017 za mamegabaiti awiri zija zinathetsedwa.

Kodi anapambana ndani? Atsamba laling'ono, inde. Koma mu Disembala 2017 kutumiza kamodzi kokha kunafika pa madola 50, monga momwe Hearn ankachenjezera. Ndipo ngakhale tsamba linakhalabe laling'ono, kaundula wadutsa magigabaiti 500. Ndi bandulo yanji ku Chinguluwe ingakoke zimenezo? Osauka aja amene onse ankawamenyera, palibe mbali imene inawafikira mwachindunji.

Zimene zatifikira zadzera njira zina. Lightning, yomwe imalola anthu kulipirana kambirimbiri pambali n'kudzalemba m'kaundula zotsalira zokha, inayamba mu 2018. Mu 2022 Kgothatso Ngako wa ku South Africa anaigwiritsa ntchito popanga Machankura, yotumizira Bitcoin pa foni ya mabatani, ngati Mpamba kapena Airtel Money. Ku Bondo, ku Mulanje, kampani ya Gridless inayamba kukumba Bitcoin ndi magetsi otsala a m'madzi a m'phiri.

Msuweni uja ndinamuimbiranso. Ndinamuuza kuti Reserve Bank inanena mu 2019 kuti izi si ndalama zovomerezeka kuno, choncho akaluza alibe kokadandaula. Ndinamuuzanso kuti makampani 50 analephera kusintha lamulo limodzi lokha la ndalamayi, pamene Kwacha yathu inasintha tsiku limodzi tisanafunsidwe. Anakhala chete kaye, kenaka anati za mwezi uno atumizabe mwa nthawi zonse, mayi asadikire.